Musanagulitse puloti kuti mwana akaphunzire helikopita

Mwana wa mlongo wanga, amene ndikukhala naye kuno ku Lusaka chilembereni mayeso a Fomu 4, anandipeza tsiku lina madzulo ndili pa nsima, iye foni ili m'manja. Anati, "Malume, taonani. Sukulu ija yanditumizira mtengo. Tikagulitsa puloti ya ku Mchinji, zikwana." Ndinasamba m'manja n'kuwerenga khoteshoniyo kawiri. Nambala inali imodzi yokha, yonenepa bwino, koma pansi pake panali timawu ting'onoting'ono tonena kuti mtengowo ndi wa maola ochepetsetsa ophunzira kuulutsa helikopita amene lamulo limalola. Timawu timeneto tinatigoneka mochedwa usiku umenewo, kope ndi bolopeni zili patebulo.

Pa maphunziro a helikopita chimene mumagula ndi maola a m'mwamba, ndiye bajeti yanu iyambire pa mtengo wa ola limodzi. Ziphaso zikuluzikulu zilipo ziwiri. PPL imakulolani kuuluka nokha kapena kunyamula abale, koma simungalipidwe nayo. Yolowera ntchito ndi CPL. Ku South Africa, komwe achinyamata ambiri a mayiko athu ano amatsikira chifukwa ndiko kuli masukulu ochuluka, PPL ya helikopita imafuna maola osachepera 50 ndipo CPL maola 200. Ku America ndi 40 ndi 150. Tiyerekeze kuti ola limodzi ndi R5,000 (ndalama ya randi ya ku South Africa), nambala yongowerengera basi. Maola 50 akhala R250,000, pomwe 200 akhala R1,000,000. Mphwanga uja anali ndi mtengo wa chiphaso choyamba chokha, koma m'mutu mwake anali atavala kale yunifomu.

Ndipo ochepa ndi amene amamaliza pa maola ochepetsetsawo. Kuimika helikopita m'malere pamalo amodzi kumafuna manja onse awiri ndi mapazi onse awiri, chilichonse pa ntchito yakeyake, ndipo thupi limatenga nthawi kuti lizolowere. Vuto lake n'lakuti limaiwalanso msanga. Wophunzira amene wauluka maola 20, ndalama n'kumuthera, n'kubwerera ku Chawama kuno ku Lusaka kukadikira miyezi inayi kuti abale asonkhe, akamabwerera amalipiranso maola ongokumbutsira zimene anazidziwa kale. Pamenepa ndi pamene mabanja amataya ndalama zambiri osazindikira. Ine maganizo anga ndi akuti pa maola alionse anayi a pa khoteshoni muwonjezerepo limodzi, ndipo mwana asakwere basi pa siteshoni ya Intercity ndalama za chiphaso chonse choyamba zisanakwane. Chilimba, kusonkherana ndalama mosinthana kuja, n'chabwino posonkhanitsa ndalama musanayambe. Kaloba, amene kwathu timati katapila, musamuyandikire n'komwe, pakuti malipiro oyamba a woyendetsa ndege ali kutali zedi.

Ndalama yoyamba kutuluka m'thumba ipite kwa dokotala, sukulu ibwere pambuyo. Wofuna CPL amayenera kukhala ndi chikalata cha zaumoyo cha Class 1: amapima maso, kusiyanitsa mitundu, makutu, mtima ndi kuthamanga kwa magazi. PPL imatheka ndi Class 2, koma yambirani pa Class 1 pomwepo, kuopa kudzamva mutalipira kale maola 50 kuti mwana sasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira. Dokotala wake akhale wovomerezedwa ndi bungwe limene lidzapereke chiphasocho, ndipo kupimidwaku kumabwerezedwa chaka ndi chaka. Kwerani pasikelo nawonso. Robinson R22, kahelikopita ka anthu awiri kamene masukulu ambiri amaphunzitsira chifukwa ndiko kotsika mtengo, sikalola munthu wopitirira makilogalamu 109 pampando umodzi. Wathupi amasamutsidwira ku R44 ya anthu anayi, ndipo mtengo wa ola umakwera pomwepo.

Mukamalembera sukulu, musachite manyazi kufunsa ngati muli pa msika wa Soweto kuno ku Lusaka. Ola lawo amayamba kuwerenga injini ikangolira, kapena ndege ikamanyamuka? Mphindi zotenthetsa injini zija, zikaunjikana pa maulendo ambirimbiri, zimasanduka maola. Mtengowo uli ndi mafuta ndi mphunzitsi momwemo? Nanga VAT, yomwe ku South Africa ndi 15 peresenti? Funsaninso za maphunziro a m'kalasi, mabuku, mayeso olemba ndi mtengo wobwereza ukalephera, chiphaso cholankhulira pa wailesi, mayeso a Chingerezi amene bungwe la dziko lonse loona za ndege la ICAO limafuna kuti munthu afike pa Level 4, malipiro a woyesa pa tsiku lomaliza, mahedifoni, komanso ndalama imene wophunzira amalipira yekha pa inshuwaransi akawononga ndege. Mayankho abwere olembedwa. Sukulu ikanena kuti mulipire zonse pakamodzi kuti ikuchotsereni pang'ono, ine ndikanakana. Lipirani maola 10 kapena 20 nthawi imodzi, kuti sukulu ikatsekedwa kapena ndege ikakhala kugalaja mwezi wathunthu, ndalama zambiri zikhale zikadali m'manja mwanu.

Walira mvula walira matope: kuphunzira kunja kumabwera ndi lendi, chakudya, thiransipoti yopitira ku bwalo ngati Grand Central ku Midrand, Rand ku Germiston kapena Wonderboom ku Pretoria, viza ya sukulu, inshuwaransi ya chipatala imene viza imafuna, ndi kalata ya polisi. Pasipoti ya Malawi ikhale ndi nthawi yokwanira ndipo pemiti yanu ya Zambia ikhale yamoyo musanayambe mapepalawa. Werengerani miyezi yoposa imene sukulu yanena, chifukwa mvula ndi mphepo zimaletsa kuuluka koma mwininyumba saona zimenezo.

Ife Amalawi a ku Lusaka tili ndi mutu wina wopweteka: timalandira kwacha ya Zambia, abale akumudzi amathandiza ndi kwacha ya Malawi, sukulu imafuna randi kapena dola. Mu Novembala 2023 kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene anasunga ndalama za sukulu m'kwachayo anadzuka zitaphwa ali m'tulo. Bajeti muilembe m'ndalama imene mudzalipire, ndipo funsani banki yanu za akaunti ya ndalama zakunja. Mtengo wotumizira nawonso ulowe m'kope.

Chiphaso chikatuluka, kope musatseke. Chochokera ku SACAA, bungwe loona za ndege ku South Africa, ndi choyendetsera ndege zolembetsedwa ku South Africa. Kuti muyendetse ya Zambia, imene nambala yake imayamba ndi 9J, muyenera kudutsa ku Zambia Civil Aviation Authority, ndipo ya kwathu ya 7Q ilinso ndi ndondomeko yake. Mmalawi amafunikanso kukhala ndi pemiti ya ntchito kuno ku Zambia. Mahelikopita ambiri aganyu, monga aja amazungulitsa alendo pamwamba pa mathithi a Mosi-oa-Tunya ku Livingstone, eni ake amafuna munthu wa maola ambiri, ndipo helikopita yokulirapo ngati Bell 206 kapena Airbus H125 iliyonse imafuna maphunziro akeake odula kuposa a R22. Oyendetsa atsopano ambiri amadzaza maola pokhala aphunzitsi, komatu chiphaso cha uphunzitsi nachonso n'chogula.

Titamaliza kuwerengera, puloti ya ku Mchinji inangokwana kagawo koyamba. Sitinaigulitse. Mphwanga anatenga minibasi kukafunsa ku ZASTI, sukulu ya boma yomwe ili pafupi ndi bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, za kosi yokonza ndege, yoti azidya nayo uku akusunga. Pakadali pano akugulitsa mafoni ku Kamwala, ndipo mwezi ukatha amatembenuza zimene wasunga kukhala mphindi za m'mwamba n'kulemba pa tsamba lomaliza la kope lija. Lamulungu lapitali anandiuza kuti wadutsa maola atatu.