Malangizo a Mankhwala Opopera M'kamwa a Salbutamol ndi Ipratropium

Werengani pepalali musanayambe kugwiritsa ntchito mankhwala, ndipo mulisunge. Lakonzedwa kuno ku Blantyre kuti lithandize odwala mphumu a ku Zambia, choncho mayina a mankhwala asiyidwa monga mmene alembedwera pa bokosi kuti musavutike kuwatchula ku chipatala cha ku Chipata kapena ku Lusaka.

Timachubu ta mpweya ta m'mapapo tinazunguliridwa ndi timinofu timene munthu sangatilamulire mwa kufuna kwake. Timamvera mitsempha ya uthenga, ndipo mtsempha ukafuna kuti kamnofu kachite kanthu umatulutsa timankhwala timene madokotala amati neurotransmitter. Liwu limeneli lilibe lofanana nalo m'Chinyanja, ndiye ndasankha kunena kuti timithenga, chifukwa ntchito yake ndi yonyamula mawu basi. Mtsempha wotchedwa vagus, umene umachoka kunsi kwa ubongo n'kutsikira m'chifuwa, umatulutsa kamthenga kotchedwa acetylcholine, ndipo kameneka kakafika timinofu timakungika, njira zimachepa, makhololo amachuluka. Kwa munthu wa mphumu uthengawu umatumizidwa mopitirira muyezo akapuma utsi wa mbaula, fumbi, kapena mphepo yozizira ngati ya chiperoni imene imatigwira kuno mu Juni ndi Julayi. Ipratropium amatseka malo amene acetylcholine amafikirapo. Salbutamol amadzera khomo lina: amatsanzira adrenaline, amene amapangidwa pamwamba pa impso, ndipo amauza timinofu tija kuti timasuke.

Gwedezani inhela (kachipangizo kopopera mankhwalawa), tulutsani mpweya wonse, tsekani milomo pa kamwa la inhela, ndipo mupope kamodzi mukuyamba kukoka mpweya pang'onopang'ono. Gwirani mpweyawo kwa masekondi 10 ngati mungathe. Kupopa kumodzi kwa salbutamol kumatulutsa ma microgram 100, amayamba kugwira ntchito pasanathe mphindi 5, ndipo mphamvu yake imakhala maola 4 mpaka 6. Ipratropium amatulutsa ma microgram 20 ndipo amachedwerapo, choncho musamudalire yekha chifuwa chikabanika mwadzidzidzi.

Ambiri amalakwitsa popopa. Ndaonapo mayi akupopera mwana ali chotsegula pakamwa, nkhungu yonse ya mankhwala n'kuuluka pamaso pake, mwanayo akulirabe ngati kachitoliro m'chifuwa. Ngati mulibe spacer, chubu choikidwa pakati pa inhela ndi kamwa kuti mankhwala asauluke, botolo loyera la pulasitiki la 500 ml lobowoledwa kunsi kuti inhela ilowe mothina limathandiza, ndipo njira imeneyi inayesedwa pa ana ku Cape Town. Pemphani namwino kuti akuonetseni kabowoledwe kake.

Salbutamol akhoza kuchititsa manja kunjenjemera ndi mtima kuthamanga, chifukwa malo omvera adrenaline aliponso m'minofu ina ndi mu mtima. Izi zimatha zokha. Ipratropium amaumitsa m'kamwa, ndipo asalowe m'maso, makamaka kwa amene ali ndi matenda a maso otchedwa glaucoma.

Uzani dokotala za mankhwala ena onse amene mukumwa. Chiganizo chimenechi anthu amachidumpha, koma kwa ine ndicho chachikulu pa pepala lonse. Propranolol, amene amaperekedwa pa matenda a BP ndi a mtima, amatseka khomo lomwe lija limene salbutamol amalowerapo, ndipo akhoza kubanikitsa munthu wa mphumu koopsa. Kupuma kwenikweniko kumayendetsedwa ndi gawo la kunsi kwa ubongo lotchedwa medulla, limene limafulumizitsa mpweya likamva kuti mpweya woipa wa carbon dioxide wachuluka m'magazi. Morphine, codeine, diazepam ndi mowa zimagonetsa gawo limeneli, makamaka zikaphatikizidwa. Choncho wodwala amene akubanika musam'patse mankhwala ogonetsa poganiza kuti apumuleko. Akayamba kusinza ndi kupuma mosamveka, si kuti wapeza bwino. Mankhwala ena ophera tizilombo m'munda ndi m'nkhokwe, a gulu la organophosphate, amaletsa thupi kuphwanya acetylcholine, ndipo munthu amatuluka dovu ndi thukuta, mapapo n'kudzaza madzi. Zikatero inhela siikwanira, thamangirani naye ku chipatala kumene kuli jakisoni wa atropine, mutatenga botolo la mankhwalawo.

Chifuwa chikabanika, khalani tsonga, popani salbutamol kamodzi pa masekondi 30 mpaka 60 alionse, osapitirira ka 10. Ngati simukutha kumaliza chiganizo polankhula, kapena milomo yayamba kuda, pitani ku chipatala nthawi yomweyo. Ngati mukufuna inhelayi katatu kapena kuposa pa sabata, kaonaneni ndi dokotala, chifukwa mankhwalawa amamasula timinofu koma sachotsa kutupa kwa m'kati mwa njira za mpweya, kumene kumafuna mankhwala ena monga beclometasone.

Sungani inhela pamalo osapitirira madigiri 30, kutali ndi dzuwa ndi ana. Kachitini kake musakabowole kapena kukaponya pa moto, ngakhale katatha.