Mwana wophunzira pakhomo akafuna malo ku Wits, yambirani pa satifiketi

Mwana wanga wamkazi anaphunzira pa tebulo lodyera kuno ku Rosettenville, mumzinda wa Johannesburg ku South Africa, ine ndikusoka pambali. Amayi anzanga kumpingo amandifunsa kuti anapeza bwanji malo ku yunivesite, monga ya Wits (Witwatersrand) ya mumzinda muno. Ndimawauza kuti yunivesite siwerenga malikisi amene mayi wachonga yekha, ngakhale mwanayo atakhala wanzeru chotani. Imafuna satifiketi yodziwika, ndipo muisankhe mwana akadali mu Giredi 9, mutaona kaye zimene kosi yake ikufuna.

Njira zodalirika ndi ziwiri. Yoyamba ndi matiriki ya kuno, NSC, satifiketi yomalizira Giredi 12, imene amaitsimikizira a Umalusi, bungwe la boma loyang'anira mayeso. Wophunzira pakhomo amalemba kudzera ku mabungwe olembetsa mayeso a SACAI kapena IEB, koma ayenera kulembetsa ku bungwe lophunzitsa patali kuyambira Giredi 10, chifukwa ntchito za mkati mwa chaka zimawerengedwa. Musadikire Giredi 12 n'kumati mukangomulembetsa mayeso. Yachiwiri ndi Cambridge, IGCSE kenako AS Level, yomwe mwana angalembe payekha kudzera ku British Council. Njirayi imapatsa ufulu, koma pamapeto pake mufunika chikalata cha Matriculation Board ya USAf, bungwe la mayunivesite a kuno, ndipo iwo amayang'ana magulu a maphunziro amene mwana anasankha, kuphatikizapo chiyankhulo chachiwiri. Werengani malamulo awo musanagule buku ngakhale limodzi. Ife tinatenga NSC chifukwa zikalata zofunika zinali zochepa.

Tinatsala pang'ono kugwa m'mbuna pa masamu. Bambo wina anatilangiza kuti titenge Mathematical Literacy poti ndi yosavuta ndipo imakweza malikisi. Zoona imakweza, koma udokotala, uinjiniya ndi makosi a sayansi amafuna Mathematics yeniyeni, ambiri ndi Physical Sciences yomwe. Masamu a Giredi 11 anandikanika ine, ndiye ndinapeza wophunzira wa ku UJ (University of Johannesburg) woti azibwera Loweruka lililonse. Ndalama imeneyo sindidandaula nayo. Za GED, satifiketi ya ku America, ndingoti musaidalire ngati mukufuna digiri ku yunivesite za boma.

Chaka chimene chimatsegula khomo ndi Giredi 11, chifukwa pofunsira malo mumatumiza zotsatira za chaka chimenecho. Muwerengere mwana APS, mapointi olowera ku yunivesite ochokera pa malikisi ake, molingana ndi yunivesite iliyonse, poti Wits ndi UJ siziwerengera mofanana. Ndipo nambala imene alemba m'kabuku kawo ndi yongokulolani kuima pamzere. Pa makosi olimbirana, amene amatengedwa amakhala ataipitirira ndithu.

Masiku otsekera muwalembe pakhoma. Ku Wits makosi a zaumoyo amatseka pa 30 Juni, ena ambiri pa 30 Sepitembala, koma muzionanso pa intaneti chaka chilichonse. A zaumoyo amafunanso NBT, mayeso awiri: AQL ya kuwerenga ndi kuganiza ndi manambala, ndi MAT ya masamu. Apa mpamene ana a pakhomo amapunthwa, poti anazolowera kudzuka kukamwa madzi pakati pa funso. Ine ndinkamukhazika maola atatu, wotchi patsogolo, foni ili m'thumba mwanga, mapepala a zaka zam'mbuyo ali mulu. Ankandikwiyira, koma tsiku la mayeso dzanja silinanjenjemere.

Chinanso n'cha ife a pasipoti ya Malawi. NSFAS, thumba la boma lolipirira ophunzira fizi, siithandiza mwana wolowa ngati mlendo. Ochokera m'maiko a SADC amalipira fizi yofanana ndi eni dziko, koma pamakhala kandalama kena koonjezera, ndipo polembetsa amafuna viza ya sukulu ndi inshuwalansi ya chipatala ya kuno. Pasipoti ya mwana wanga inali itatsala miyezi yochepa kuti ithe, ndipo ndinazindikira mu Okutobala. Onani yanu lero, musanatseke kabati.