Kukaphunzira ku Roma: zoyenera kudziwa ansembe ndi asisitere a kwathu

Ambuye episkopi kapena akuluakulu a chipani akakusankhani kuti mukaphunzire ku Roma, mtima umathamangira ku mabuku. Komatu amene amavutika chaka choyamba nthawi zambiri amagwa ndi mapepala a boma ndi Chitaliyana.

Viza ya nthawi yaitali, ya mtundu wa D, mumafunsira kwa kazembe wa Italy amene amayang'anira Malawi, ndipo ali ku Lusaka. Ansembe musaiwale celebret, kalata ya episkopi wanu yotsimikiza kuti ndinu wansembe woloredwa kuchita Misa. Popanda iyo, m'matchalitchi ambiri sadzakupatsani guwa.

Mukangotera, muli ndi masiku 8 a ntchito oti mupemphe permesso di soggiorno, chilolezo chokhalira m'dzikomo. Pitani ku positi ofesi yokhala ndi chikwangwani cha Sportello Amico mukatenge emvulopu ya mafomu. Gulani sitampa ya ma euro 16, yotchedwa marca da bollo, m'kagolosale ka fodya kolembedwa T. Mu emvulopumo ikani mafotokope a pasipoti, viza, kalata ya sukulu ndi umboni wa inshuwalansi ya chipatala. Musaimate, chifukwa kalaliki amayenera kuona zam'katimo. Mukalipira, adzakupatsani lisiti ndi tsiku lokadinda zala ku Questura, ku polisi, ndipo kumeneko mukatenge zithunzi zinayi ndi mapepala enieni.

Lisiti limeneli lisungeni ngati diso lanu. Khadi lenileni la chilolezocho limatha miyezi lisanatuluke, ndipo nthawi yonseyo lisitilo ndiye mboni yanu. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa: kumudzi kwagwa maliro, khadi lakale latha, latsopano silinabwere, munthu n'kugula tikiti yotchipa yodzera ku Paris kapena Frankfurt. Ndi lisiti lokha simuloledwa kudutsa m'dziko lina la Schengen, gulu la maiko a ku Ulaya limene Italy, France ndi Germany alimo. Dzerani ku Addis Ababa, kumene ndege imachoka ku Roma n'kukalumikiza ya ku Lilongwe kapena Blantyre. Ndipo yambani kukonzanso chilolezo kutatsala masiku 60 kuti chithe.

Nambala ya msonkho, codice fiscale, imaperekedwa ulere ku Agenzia delle Entrate. Idzafunika pogula simukhadi, potsegula akaunti ndi polembetsa zachipatala. Mukasankha kulembetsa ku chipatala cha boma, dziwani kuti ndalamayo imayendera chaka cha kalendala: olipira mu Okutobala amalipira ya chaka chonse, koma pa 31 Disembala yatha. Funsani kaye ku koleji ngati ali ndi inshuwalansi yawoyawo.

Ambiri ochokera ku Africa amaphunzira ku Urbaniana, paphiri la Gianicolo, sukulu imene mizu yake ili mu koleji yokhazikitsidwa ndi Papa Urbano VIII mu 1627. Ena amapita ku Gregoriana ya Ajezuiti kapena ku Angelicum ya Adominikani, kumene maphunziro ena ali m'Chingerezi. Digiri yotchedwa licenza ya zaumulungu imatenga zaka ziwiri, ya malamulo a Mpingo zitatu. Makalasi amayamba mu Okutobala, choncho miyezi yophunzira Chitaliyana imene amakupatsani m'chilimwe ndi yochepa zedi. Mayeso ambiri ndi apakamwa: inu ndi pulofesa maso ndi maso kwa mphindi zingapo. Amene anazolowera kulemba masamba asanu kuseminale amapezeka lilime lauma pa nkhani imene akuidziwa bwino. Mankhwala ake ndi osakoma koma amagwira: patebulo khalani ndi anthu amene simungalankhule nawo Chingerezi, ndipo patchuthi vomerani kukathandiza kuparishi ya kumudzi, kumene agogo adzakukonzani mawu mopanda manyazi.

Za nsima, pitani kumsika wa Esquilino pafupi ndi Piazza Vittorio. Funani ufa wa chimanga woyera wa polenta, wosalala, ndipo wolembedwa istantanea muusiye, chifukwa anauphika kale, nsima yake simagwirana bwino. Tikiti ya basi imagwira mphindi 100 kuchokera pamene mwaidinda m'makina, ndipo yosadinda oyendera amaiona ngati mulibe tikiti, kolala yaunsembe ili pakhosi chomwecho.