Anapiye akutha pakhomo? Dziwani kaye wakubayo

Thadzi limafungatira masiku 21 n'kuswa anapiye 10 kapena 12, koma mwezi ukamatha mumaliona likuyenda ndi atatu okha. Mukafunsa alimi ku Mitundu, ku Nathenje kapena ku Mpingu, yankho ndi limodzi: kabawi. Zoona, kabawi amaba, koma amasenzanso milandu ya anzake. Musanagule waya kapena kudula nsungwi, dziwani amene akukuberani, chifukwa chomwe chimaletsa kabawi sichiletsa likongwe.

Yang'anani nthawi imene nkhuku yasowera ndi zimene zatsala pamalopo. Mwanapiye akasowa masanasana, make atakuwa, anzake atathawira pansi pa nkhokwe, pansi popanda magazi, ameneyo ndi kabawi kapena mphamba. Akhwangwala, amene achuluka m'tauni ya Lilongwe chifukwa cha zinyalala za m'misika, amaboola mazira m'chisa ndi kutola anapiye a masiku ochepa. Likongwe nayenso amabwera dzuwa likuswa mtengo, koma amazembera pansi, kuchokera pachulu, pamulu wa njerwa kapena muudzu. Mukadzuka m'mawa n'kupeza nkhuku zolumidwa pakhosi, nthenga zili mbwee m'khola, ndi vumbwe kapena kanyama kena kausiku. Mazira osowa popanda chigoba n'chimodzi chomwe, ganizirani njoka kapena ng'azi, makamaka inu a m'mbali mwa Lingadzi ndi m'madambo. Makoswe amakoka anapiye usiku pansi pa make penipeni. Koma khola lonse likasowa popanda nthenga yogwa, ameneyo ndi wamiyendo iwiri, ndipo mankhwala ake ndi loko.

Mphamvu zanu zambiri ziikeni pa masabata 6 oyamba. Kabawi salimbana kawirikawiri ndi nkhuku yaikulu. Amafuna kamene angakanyamule n'kuuluka nako.

Pangani kakhola konyamulika ka thadzi ndi ana ake: mamita 2 m'litali, mita imodzi m'lifupi, masentimita 60 kupita m'mwamba. Mafelemu akhale a nsungwi kapena timatabwa. M'mbali ikani waya wa timaenje ting'onoting'ono, wa theka la inchi. Wa maenje aakulu ndi wotsikirapo mtengo, koma mwanapiye amatulutsa mutu n'kukodwa, ndipo khoswe ndi njoka zimalowa mosavuta. Pamwamba, theka folerani ndi udzu kapena lata lakale kuti pakhale mthunzi, theka linalo waya. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amazunguliza mpanda wokongola n'kusiya pamwamba pali pululu. Kutereku ndi kumusonkhanitsira kabawi ndiwo m'mbale imodzi. Pansi musakhomepo kanthu, kuti muzikasuntha tsiku lililonse kapena pakapita masiku awiri, anapiye azipeza nthaka yatsopano yopalasa, zitosi zisaunjikane.

Ngati ndalama ya waya palibe, dengu lalikulu la nsungwi, la mita imodzi kukamwa kwake, lovundikira pansi, limagwira ntchito yomweyo. Mipata yake isalowe zala ziwiri, ndipo pamwamba tsinjikizani mwala kuti galu asalitembenuze. Mu Okutobala liikeni pansi pa mtengo wa mango, chifukwa kutentha kumapha anapiye msanga kuposa kabawi. Neti yogonamo ayi, imeneyo ndi ya malungo, ndipo khoswe amaidula usiku umodzi wokha.

Mukatsekera, chakudya chili kwa inu. Gaga yekha sakuza mwanapiye. Sakanizani makapu atatu a gaga kapena chimanga chogaya ndi kapu imodzi ya soya wokazinga ndi kusinja, onjezani fumbi la usipa kapena bonya, chiswe chikapezeka, ndi masamba a bonongwe odula bwino. Soya wosakazinga amalepheretsa chakudya kugayika bwino m'mimba. Madzi akhale m'kambale kosazama, muikemo timiyala kuti asamire. Masabata awiri oyamba asatuluke n'komwe. Kuyambira lachitatu muziwatsegulira ola limodzi kapena awiri chakumadzulo, pakhomo pali munthu.

Nyengo yovuta ndi kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba. Minda yakololedwa, tchire lapsa, pabwalo pasesedwa mbee, ndiye mwanapiye amaonekera patali ngati nsima pa mbale yakuda. Thadzi likachenjeza, ana ake amafunika pothawira pafupi, osapitirira mamita 4 kapena 5. Mangani timathandala tatifupi, ta masentimita 40, mufolere ndi mapesi, m'malo awiri kapena atatu amene nkhuku zimakonda kupalasa. Nandolo, chinangwa ndi nthochi m'mbali mwa bwalo zimathandizanso. Koma samalani: pobisala mwanapiye ndi pomwenso pamabisala njoka ndi likongwe. Chofunika ndi chotchinga kumwamba, pansi pake pooneka bwino. Udzu wozungulira khola ulambuleni mamita atatu, milu ya njerwa ndi nkhuni muisunthire kutali. Ena amapaka anapiye utoto wofiirira, ena amamangirira timapepala tonyezimira pazingwe. Zimagwira masiku ochepa, kenako kabawi amazolowera, choncho musazidalire pazokha.

Khola logona likhale lam'mwamba, mita imodzi kuchokera pansi. Pa mzati uliwonse vekani chitini kapena lata lopinda ngati chipewa choyang'ana pansi, kuti khoswe ndi njoka zikakwera zibwerere. Makwerero muzichotsa nkhuku zikalowa, chitseko chitsekedwe kusanade, osati pokagona. Nthawi ya dzinja thirani phulusa kuzungulira mizati ndi kupakako oyilo wakutha wa galimoto, kuti linthumbwi lisakwere. Ngati khola ndi lapansi, waya alowe m'nthaka masentimita 30, chifukwa galu amakumba m'mphepete mwa khoma. Mazira muzitola tsiku ndi tsiku, ndipo zotsala za chakudya zisagone m'khola: gaga amaitana makoswe, makoswe amaitana njoka.

Za kuthira tameki m'dzira kapena m'mwanapiye wakufa, tisiye. Amene amayamba kudya nyamboyo ndi galu wapakhomo, nkhuku zanu zomwe, mwinanso mwana. Kadzidzi ndi mphamba amene mukufuna kuphawo ndi omwe amachepetsa makoswe kunkhokwe.

Nkhuku zikamafa zitazyolika, zikutsegula m'mimba zobiriwira, khosi litapindika, popanda bala paliponse, musavutike ndi misampha. Chimenecho ndi chitopa. Funsani alangizi a ziweto a m'dera lanu za katemera wa I-2: dontho limodzi m'diso, nkhuku zonse ndi anapiye omwe, miyezi inayi iliyonse.