Momwe mungajambulire filimu yoopsa yosaka chilombo kuno ku Mangochi ndi ndalama zochepa

Sabata yatha ndinalowa mu vidiyo sho ina pafupi ndi msika kuthawa dzuwa, ndinapeza akuonetsa imodzi mwa mafilimu akunja otchipa aja, anyamata anayi atenga mfuti akusaka chilombo m'nkhalango. Poyamba muholo munali zii, ana atagwirana manja, wina mpaka anabisa nkhope m'malaya. Kenako chilombo chija chinatulukira poyera dzuwa likuswa mtengo, munthu wavala chigoba cha labala, zipi ikuoneka kumsana. Holo yonse inafa nacho chiseko ndipo mantha anathera pomwepo. Zinandiwawa chifukwa mphindi 20 zoyambirira anthu aja anagwira ntchito yabwino zedi, anaiwononga okha pofuna kutionetsa chinthu chomwe analibe ndalama zochipangira.

Achinyamata ambiri kuno amafuna kupanga filimu yoopsa koma amati tilibe zipangizo. Ine ndikuti zomwe zimafunika kwambiri tili nazo kale, nyanja usiku, mabango a mu Shire, nyali za asodzi, kulira kwa mvuu. Nazi zomwe muchite.

Choyamba, sankhani chilombo chanu ndipo muchipatse malamulo

Musakopere chilombo cha kunja, cha kwathu chimaopsa kuposa chifukwa tinakula tikuchimva. Tili ndi nkhani za Napolo, chinjoka chomwe akuluakulu amati chikamasamuka kuchoka m'phiri kupita kunyanja chimagumula miyala ndi kukokolola midzi. Tili ndi ng'ona zomwe zimagwiradi anthu mu Shire ndi ku Malombe, tili ndi afisi. Mukhozanso kupeka chanu. Koma khalani pansi mulembe malamulo ake atatu kapena anayi: chimatuluka nthawi yanji, chimakopeka ndi chani, chimaopa chani, chikadutsa chimasiya chizindikiro chanji. Mwachitsanzo chimabwera mwezi ukakhala mulibe, chimatsata kuwala kwa nyali, chikayandikira achule onse amasiya kulira. Lamulo lomalizali ndi golide, chifukwa kuyambira pamenepo achule akangoti zii woonera mtima uli m'mwamba, inu simunawononge ngakhale kwacha imodzi.

Apa ndiime kaye ndinene zomwe zili pamtima panga. Chilombo chanu chisakhale gogo wa m'mudzi yemwe akuti ndi mfiti. Agogo athu akumenyedwa ndi kuphedwa m'dziko muno chifukwa cha mphekesera zomwezi, komanso lamulo la zaufiti la 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti. Musagwiritsenso ntchito abale athu achialubino ngati chinthu choopsezera anthu. Za Gule Wamkulu nazo zili ndi eni ake, si zovala zongobwereka.

Chachiwiri, lembani za anthu musanalembe za chilombo

Mafilimu otchipa ambiri amagwa apa. Anthu asanu opanda mbiri amalowa m'tchire n'kumafa mmodzimmodzi, ife osamva kanthu chifukwa sitikuwadziwa. Filimu yosaka chilombo imayima pa mlenje. N'chifukwa chani munthu wanzeru zake akutsata chinthu chomwe ena onse akuthawa? Filimu ya ku Norway ya 2010 yotchedwa Trollhunter inachita bwino pa mfundo yomweyi, mlenje wake ndi bambo wotopa yemwe amagwira ntchitoyo mwachinsinsi m'malo mwa boma, amadandaula za ntchito yake ngati wina aliyense, ndipo ophunzira atatu amamutsata ndi kamera. Umamukhulupirira, ndiye umakhulupiriranso zomwe akusaka.

Kwathu kuno mlenje akhoza kukhala siginala, uja amakhala yekha m'bwato ndi nyali kuitana usipa pomwe alovi, anzake okoka ukonde, akudikira ndi ukonde wa chilimira. Tangoganizani, ntchito yake ndi kukhala payekha pakati pa madzi usiku atayatsa kuwala, chinthu chomwe chilombo chimatsata. Mng'ono wake anasowa pa ntchito yomweyo, bwato linapezeka m'mawa nyali ikuyakabe. Nkhani yayamba kale. Osewera asapitirire anayi kapena asanu, malo atatu akwana, ndipo filimu yoyamba ikhale ya mphindi 12 mpaka 15 basi, ya maola awiri idzabwera mukakhwima. Alankhule mmene timalankhulira padoko, Chichewa chosakaniza ndi Chiyao, osati Chingerezi chokakamiza chomwe wosewera akuchita kuwerenga m'mutu.

Chachitatu, kaonaneni ndi amfumu musanatulutse kamera

Ichi musachidumphe chonde. Pitani kwa amfumu a dera lomwe mukajambuleko, mufotokoze bwinobwino, mukadziwitsenso apolisi ndi a komiti ya padoko, ndipo tsiku lojambula pakhale munthu wa m'mudzimo yemwe aliyense amamudziwa. Tonse tikukumbuka za 2017 pomwe mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje, Phalombe ndi madera ena akummwera, anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya. Ndiye inu mufike usiku m'mudzi mwa eni ndi matochi, magazi abodza kumaso, wina akukuwa m'mabango, mukuganiza chichitike n'chani? Uzani anthu masana, ana abwere adzaone zovala za chilombo chanu dzuwa lili pamutu adziwe kuti ndi sewero. Kumanda musajambuleko, pangani manda anu abodza pamunda wa munthu yemwe wavomera. Mukakhala pafupi ndi mzikiti dziwani nthawi za swala muziyamba mwaima. Mukafuna za ku Cape Maclear kumbukirani kuti mbali yaikulu kumeneko ndi Lake Malawi National Park, pamafunika chilolezo cha a zamapaki.

Chachinayi, ndalama zochepa zomwe muli nazo zipite ku mawu

Anthu amathamangira kamera yodula, koma woonera amakhululuka chithunzi chosawala bwino, mawu oipa sakhululuka. Foni yabwino ikwana kujambula. Gulani kamaiki kakang'ono kopanira pamalaya, kapena foni yachiwiri ikhale yojambula mawu okha, muibise m'thumba la malaya a wosewera. Musanayambe chigawo chilichonse wina aombe m'manja kamodzi kamera ikuona, pokonza mudzalumikizira pamenepo mawu ndi chithunzi. Mphepo ndi mdani wamkulu kunyanja, makamaka nyengo ya mwera kuyambira cha mu Juni mpaka Ogasiti, ndiye maiki muiveke kasiponji kapena kansalu kaubweya, mukapanda kutero mudzangomva phuuu basi.

Tsiku lina mupite nokha opanda osewera kukatola mawu. Ine ndinachitapo izi cha ku Makawa, ndinaika foni pamchenga pafupi ndi mabwato cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, ndinangokhala phee mphindi 10. Nditamvetsera kunyumba ndi mahedifoni munali mafunde ang'onoang'ono akumenya m'mimba mwa bwato, chingwe chikulira pamtengo, patali nkhafi ikugunda, kenako china chake chinapuma mwamphamvu m'madzi kamodzi kokha. Inali mvuu, ndikudziwa, komabe tsitsi linandiima ndili m'nyumba mwanga. Mawu ngati amenewo mukawatsitsa liwiro ndi theka pa pulogalamu yaulere ya Audacity amakhala a chinthu chomwe palibe anachimvapo. Mafupa othyoka ndi nzimbe kapena mapesi ouma, chilombo chikamadya finyani papaya wakupsa pafupi ndi maiki, mapazi ake ndi thumba la mchenga wonyowa mukuligwetsa pansi. Nyimbo za eni musaike popanda chilolezo, nkhani za umwini zili ndi a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso, pezani mnzanu wa ng'oma kapena wa kiyibodi akupangireni zanu. Ndipo penapake musaike nyimbo n'komwe.

Chachisanu, mdima muupange, musangoupeza

Mukajambula usiku weniweni ndi foni chithunzi chimadzaza timadontho ngati mchenga, nkhope osaoneka. Jambulani dzuwa litangolowa kumene kapena kusanache bwino, muli ndi mphindi 20 kapena 30 zokha ndiye yesererani masana kuti nthawiyo ikafika musachedwe, kenako pokonza mudzadetse pang'ono. Pa zigawo za usiku weniweni kuwala kuchokere mbali imodzi ndipo kukhale ndi chifukwa, nyali ya msodzi, moto wowambira nsomba, tochi ya mlenje, getsi la njinga yamoto. Musawalitse nkhope kuchokera kutsogolo, ikani nyali pambali kuti theka la nkhope likhale mumdima. Utsi pang'ono wa masamba aawisi kumbuyo kwa wosewera umapangitsa kuwala kwa tochi kuoneka ngati ndodo. Pa foni tsekani fokasi ndi kuwala kuti zisamasinthesinthe zokha, igwireni chopingasa, ndipo tchajani mabatire ndi mapawabanki onse masana poti magetsi sadalirika.

Chachisanu ndi chimodzi, chilombo chibiseni

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Pojambula filimu ya Jaws ya 1975 shaki (chinsomba cholusa cha m'nyanja zamchere) yamakina inkawonongeka pafupipafupi m'madzi amchere, wotsogolera filimuyo Steven Spielberg anakakamizika kuionetsa pang'ono, anthu n'kumaopa madzi okhaokha ndi migolo yoyandama. The Blair Witch Project ya 1999 anaijambula masiku 8 m'nkhalango ku Maryland ndi ndalama zochepa kwambiri, mfitiyo sioneka ngakhale kamodzi, koma inapeza ndalama pafupifupi madola 250 miliyoni. Gareth Edwards anapanga Monsters ya 2010 ndi ndalama zosafika madola 500,000, zilombo anazipanga yekha pa kompyuta yake ndipo zimaoneka mwa apo ndi apo, pambuyo pake anamupatsa Godzilla ya 2014. Onsewa anadziwa kuti mutu wa woonera umajambula chilombo choopsa kuposa chomwe inu mungasoke.

Ndiye onetsani zotsatira zake. Ukonde wong'ambika pakati ngati wadulidwa ndi mpeni, thandala la usipa litagwa, mkukuluzi waukulu pamchenga wolowera m'madzi, mbuzi yomwe yatsala chingwe chokha. Mabango agwedezeke motsatana kubwera komwe kuli kamera, izi ndi anyamata awiri okoka chingwe atabisala. Bwato ligundidwe pansi kamodzi. Kenako kamera ikhale pa nkhope ya munthu yemwe akuchiona, nthawi yaitali, osadula msanga. Chilombo chenicheni chioneke katatu kokha ndipo mwa zidutswa, dzanja pamphepete pa bwato, msana ukumira, diso limodzi tochi ikadutsa, zonse pamodzi zisapitirire masekondi 10. Mwa zidutswazi, chimodzi chokha ndicho muchivutikire kuchipanga bwino, dzanja la magolovesi okutidwa ndi matope, ulusi wa ukonde wakale, mamba a nsomba ndi ndere, likhale lonyowa nthawi zonse chifukwa chonyowa chimanyezimira ndi kubisa zolakwika. Zamakompyuta zija zopezeka mu maapu, chinjoka chowala chodumphira pa sikirini, zisiyeni, mwana wa sitandade 4 amazizindikira.

Magazi: sungunulani shuga wambiri m'madzi ochepa pamoto mpaka anenepe, thirani kala wofiira wa makeke, onjezani khofi kapena koko pang'ono kuti ade. Ofiira kwambiri amaoneka ngati jusi. Ndipo ochepa amaopsa kuposa ndowa yonse.

Chachisanu ndi chiwiri, madzi si oseweretsa

Ng'ona ndi mvuu za mu Shire sizidziwa kuti mukupanga filimu. Musalowetse munthu m'mabango kapena m'madzi usiku, zigawo zoterozo jambulani pamalo osaya, oyera, omwe asodzi a pamenepo akuuzani kuti ndi abwino, bwato litamangidwa chingwe kumtunda mamita ochepa chabe, kamera ikayang'ana kunyanja palibe adzadziwe kuti muli pagombe. Wosadziwa kusambira avale jekete yoyandamitsa mkati mwa malaya. Mwera ukayamba ikani zida m'chikwama muzipita kwanu. Mfuti zoseweretsa ndi zikwanje zakuthwa ayi, semani za mtengo muzipente. Amene alowa m'madzi osayenda akumbukire za likodzo akapite kuchipatala akaona zachilendo. Osewera adye, ngakhale mulibe chowalipira nsima ndi usipa zisasowe, ndipo mugwirizane poyera kuti filimu ikadzapeza kanthu mudzagawana bwanji.

Chomaliza, dulani mopanda chisoni kenako kaiyeseni pa anthu

Pulogalamu yodulira mavidiyo ya CapCut pa foni ikwana, amene ali ndi kompyuta yamphamvu atenge DaVinci Resolve yomwe ili ndi mtundu waulere. Chigawo chilichonse chomwe sichikuwonjezera mantha kapena kutidziwitsa munthu chichoke, ngakhale munachivutikira usiku wonse. Anthu akuyenda mphindi 3 osalankhula kanthu, dulani. Kudzidzimutsa ndi phokoso lalikulu kawiri m'filimu yonse kwakwana, mukachulutsa anthu amazolowera. Mafayilo sungani malo awiri, memore khadi imafa osatsanzika.

Mukamaliza musathamangire pa YouTube kapena Facebook. Pemphani mwini vidiyo sho akupatseni mphindi 15 madzulo ena muonetse anthu ochepa omwe si abale anu, inu mukhale kumbuyo muziyang'ana anthuwo osati sikirini. Pomwe ayamba kuseka pamene simunafune kuti aseke lembani mphindi yake, pomwe ayamba kuyang'ana mafoni lembaninso, kawirikawiri mudzapeza kuti ndi pomwe chilombo chaonekera kwambiri kapena pomwe wina akufotokoza zomwe taona kale. Bwererani mukadule. Musanaionetse kwa anthu ambiri molipiritsa ipititseni ku Censorship Board, bungwe la boma lounika mafilimu, akaipatse msinkhu woyenera kuonera, ndipo mukamaika pa intaneti lembani poyambirira kuti ndi sewero lopeka komanso tchulani mudzi womwe unakulandirani ngati amfumu avomera, kuti kachidutswa kake kakayamba kuzungulira pa WhatsApp anthu asadzaone ngati zachitikadi padoko lawo.