Njira zosamalira tsitsi lachilengedwe zimene zatchuka: kayesedwe kake kuno ku Tete

Tsitsi la munthu limakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, ndipo palibe madzi a mpunga, anyezi kapena mafuta a pamsika amene angawonjezere liwiro limeneli kawiri. Tsitsi lathu lopotanali limaoneka ngati silikula chifukwa limaduka kunsonga pamene kumizu likumera. Ndiye mukaona njira yatsopano pa TikTok kapena pa Facebook, muziyamba mwadzifunsa ngati ithandize kuti tsitsi lisaume ndi kuduka.

Zina mwa njirazi zinayambira kumayiko kumene mpweya ndi wachinyontho ndiponso madzi a pampopi ndi ofewa. Kuno n'kosiyana. Mumzinda wa Tete ndi ku Moatize, mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, thukuta ndi fumbi zimamatirira pakhungu la m'mutu. Kumapiri a Angónia ndi Tsangano, mu Juni ndi Julayi kumazizira ndipo mphepo yake ndi youma. Konseku tsitsi limataya madzi msanga.

Muziyesa njira imodzi yokha kwa milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi musanawonjezere ina, apo ayi tsitsi likayamba kuuma simudziwa chimene chalakwa. Chinthu chatsopano chilichonse muyambe mwapaka pang'ono kuseri kwa khutu, mudikire masiku awiri. Pakayabwa kapena kutuluka tiziphuphu, chisiyeni.

Yambani ndi madzi amene mumasambira

Yang'anani mkati mwa ketulo kapena mphika umene mumawiritsiramo madzi a pamjigo. Ngati muli zoyera zokakamira, madziwo ali ndi mchere wa m'nthaka wambiri, makamaka calcium ndi magnesium. Mcherewu umamata patsitsi, limakhala lokhakhala, ndipo mafuta amene mumapaka amangokhala pamwamba. Sopo wamtanda wochapira zovala amawonjezera vutoli, chifukwa akakumana ndi madzi otere amasiya litsiro lotuwa. Gwiritsani ntchito shampu kamodzi pa sabata m'nyengo yotentha, ndipo kamodzi pa masiku 10 mpaka 14 m'nyengo yozizira. Muzitikita khungu la m'mutu ndi nsonga za zala, osati zikhadabo.

Apa m'pamene njira yotsuka ndi viniga imathandizadi. Sakanizani masupuni awiri akuluakulu a viniga ndi theka la lita la madzi, thirani m'mutu mukatsuka shampu, dikirani mphindi ziwiri kapena zitatu, tsukuluzani. Kamodzi pa milungu iwiri n'kokwanira. Viniga wosasungunula amaotcha khungu, ndipo ngati m'mutu muli zilonda musathire. M'dzinja tungani madzi a mvula mu ndowa yoyera, ndi ofewa kuposa a pamjigo.

Soda wophikira, amene ena amati alowe m'malo mwa shampu, musamuyese. Tsitsi limakhala bwino pa pH (muyeso wa kuchuluka kwa asidi) ya pakati pa 4.5 ndi 5.5, pamene soda ali pamwamba pa 8. Amatukula timamba takunja kwa tsitsi, ndipo pakapita milungu ingapo limayamba kuduka.

Madzi, mafuta, kirimu

Njira imene amaitcha LOC, kutanthauza kupaka madzi, mafuta ndi kirimu motsatizana, ndi imene tikulimbikitsa kuti aliyense ayambire, chifukwa zina zonse zimadalira imeneyi. Mafuta sanyowetsa tsitsi. Ntchito yake ndi kuchedwetsa madzi kuti asachoke. Mukapaka mafuta patsitsi louma, limangonyezimira koma mkati likadali louma.

Gawani tsitsi zigawo zinayi kapena zisanu ndi chimodzi. Pa chigawo chilichonse poperani madzi mpaka chinyowe koma osadontha. Thirani madontho atatu kapena anayi a mafuta m'manja, pakani kuyambira kunsonga kukwera kumizu, pakuti kunsonga ndi kumene kuli tsitsi lakale ndi lofooka. Malizani ndi kirimu wa tsitsi kapena batala wa shea wochuluka ngati njere ya mtedza, kenako potani chigawocho. Bwerezani pakapita masiku awiri kapena atatu. Ngati m'mawa mtsamiro uli ndi mafuta, mwachulukitsa. Ngati tsitsi lanu lauma pofika madzulo a tsiku lomwelo, sinthani ndondomeko: madzi, kirimu, mafuta pomaliza.

M'nyengo yotentha sankhani mafuta opepuka. Mafuta a njere za malambe ndi abwino pa ntchito imeneyi, ndipo milambe ili ponseponse m'chigwa cha Zambezi. Mafuta a nsatsi ndi olemera ndi omata, amakoka fumbi, choncho sakanizani supuni imodzi ya nsatsi ndi masupuni atatu a mafuta opepuka. Amathandiza kuti nsonga zisaume, koma palibe umboni wokwanira woti amameretsa tsitsi pamene linatha. Ngati mumasunga njere za nsatsi pakhomo, zibiseni kwa ana chifukwa zili ndi poizoni. Gilisalini naye amafuna kusamala kuyambira Juni mpaka Okutobala: mpweya ukakhala wouma sapeza chinyontho choti akoke, ndipo tsitsi limatha kukhala lonata komanso lolimba. Musungunuleni, supuni imodzi yaing'ono mu kapu ya madzi.

Mafuta a kokonati ali ndi ntchito ina. Amalowa mkati mwa tsitsi ndipo amachepetsa kuwonongeka kwake pochapa. Pakani supuni imodzi patsitsi louma mphindi 30 musanatsuke ndi shampu. Kumalo ozizira ngati Ulónguè amagwirana ndi kuumitsa tsitsi mukawasiya m'mutu, ndiye agwiritseni ntchito musanachape basi.

Jelo wa therere

Pa makanema ambiri amaphika njere za flaxseed kuti apange jelo. Therere lobala limagwira ntchito yomweyo ndipo lili pamsika uliwonse. Tengani therere lanthete zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, tsukani, dulani tizidutswa, ikani m'makapu awiri a madzi. Liwire pamoto wochepa mphindi 10 mpaka madziwo ayambe kutanuka mukatukula supuni. Musathiremo soda, chidulo kapena mchere monga mumachitira pophika ndiwo. Sefani ndi kansalu koyera likadali lofunda, chifukwa likazizira limakana kudutsa pansalu, ndipo tinjere tikatsalira timavuta kuchotsa m'tsitsi.

Pakani patsitsi lonyowa, chigawo ndi chigawo. Kuterera kwake kumamasula mfundo, ndipo apa ndi pamene muyenera kupesa: choyamba ndi zala, kenako ndi chipeso cha mano otalikirana, kuyambira kunsonga. Mutha kulisiya m'tsitsi kuti mapotedwe aoneke bwino, koma mukachulukitsa limayoyoka ngati ufa likauma. Mufiriji limakhala masiku anayi kapena asanu. Popanda firiji, m'kutentha kwa kuno, phikani longokwanira tsiku limenelo. Likasintha fungo tayani.

Madzi a mpunga

Njirayi inatchuka chifukwa cha amayi a m'mudzi wa Huangluo ku China, amene amadziwika ndi tsitsi lalitali kwambiri. Tsitsi lawo ndi lowongoka, lathu ndi lopotana ndipo limauma msanga, choncho musayembekezere zofanana. Tsukani theka la kapu ya mpunga, viikani m'makapu awiri a madzi kwa mphindi 30, sefani. Ena amati musiye madziwo asase tsiku lonse. Kumalo otentha maola 12 ndi okwanira, mukapitirira amanunkha ndipo amayabwitsa m'mutu. Thirani mukatsuka shampu, dikirani mphindi 10 mpaka 15, tsukuluzani bwinobwino, kenako pakani kondishona. Musapitirire kamodzi pa milungu iwiri. Tsitsi likayamba kumveka lolimba ndi kuduka mukangolikoka pang'ono, ufa wa mpungawo wachuluka patsitsi. Lekani, litsukeni ndi shampu, mubwerere ku madzi ndi kondishona.

Rosemary, chebe ndi anyezi

Mu 2015 kafukufuku wa anthu 100 a dazi lakumtundu anapeza kuti patatha miyezi isanu ndi umodzi, mafuta a rosemary anathandiza mofanana ndi mankhwala omeretsa tsitsi a minoxidil a 2%. Ndi kafukufuku mmodzi wochepa, ndipo sankanena za tsitsi loduka chifukwa chouma. Mukafuna kuyesa, ikani madontho atatu mu supuni yaikulu ya mafuta wamba, muzitikita pakhungu katatu pa sabata. Osasungunula amaotcha.

Ufa wa chebe ndi wochokera ku Chad. Amausakaniza ndi mafuta, n'kupaka patsitsi lenilenilo osati pakhungu, kenako n'kuluka. Phindu lake lagona pa kusunga tsitsi lili lonyowa ndi lolukidwa, zimene mungachite popanda kugula ufawo. Madzi a anyezi amayabwa, fungo lake limabwerera mukatuluka thukuta, ndipo sitikuona chifukwa chovutikira nawo.

Kuluka ndi kumanga

Kuluka, kupota kapena kumanga ndi ulusi kumateteza nsonga ku dzuwa ndi fumbi, ndipo kumanga ndi ulusi kumawongola tsitsi popanda moto. Koma apa ndi pamene amayi ambiri amataya tsitsi la pachipumi ndi la m'mbali mwa makutu. Ngati mukumva kuwawa pamene akukulukani, uzani wolukayo amasule nthawi yomweyo. Mutu kupweteka usiku, tiziphuphu m'mphepete mwa tsitsi ndi khungu lokokeka ndi zizindikiro zoti akunga kwambiri. Kukoka kotere kukapitirira kwa zaka, mizu imafa ndipo tsitsi silimeranso. Meshi yaitali ndi yolemera isamangidwe pa titsitsi tating'ono ta kutsogolo, makamaka kwa ana. Musakhale ndi maluko kupitirira milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu, muzitsuka m'mutu ngakhale mwaluka, ndipo mukamasula mupumule sabata imodzi kapena ziwiri.

Pomasula mudzaona tsitsi lambiri likugwa. Munthu amataya tsitsi 50 mpaka 100 pa tsiku, ndipo lonselo limakhala litatsekeredwa m'malukomo. Chotsani ndi zala ndi jelo wa therere musanathire shampu, apo ayi limangana kukhala mfundo imodzi yoti n'kudula ndi sizasi.

Usiku mangani duku la nsalu yoterera ya satini. Kapulana ya thonje imamwa mafuta ndi kukwecha tsitsi, choncho ngati mumavala kapulana kumutu masana, ikani satini mkati mwake.

Pakaoneka malo ozungulira opanda tsitsi, mamba, mafinya kapena chipere m'mutu mwa mwana, siyani zopakapaka mupite kuchipatala. Chipere cha m'mutu chimafuna mankhwala akumwa kwa milungu ingapo, ndipo chipeso, thaulo ndi mtsamiro wa wodwalayo asagwiritsenso ntchito wina aliyense pakhomopo.