Momwe mmisiri angawerengere mtengo wa ntchito ndi kulemba kotesheni mu Harare

Amisiri ambiri a kwathu okhala ku Mufakose, Mabvuku ndi Epworth ali ndi luso ndithu, koma ndalama zimawathawa pamene kasitomala wafunsa kuti geti lotere ndi zingati, iwo n'kutchula mtengo ali chiimire pakhomo. Chitsanzo changa ndi cha wowotcherera zitsulo, ngakhale njirayi ingathandizenso kalipentala ndi wopenta nyumba.

Choyamba, pitani pamalopo ndi tepi yoyezera ndi kope. Yezani m'lifupi ndi m'litali, gwedezani zipilala kuti muone ngati zingapirire kulemera kwa geti, ndipo mwini nyumba akaumirira mtengo, muyankheni mwaulemu kuti, "Bambo, ndikuuzani mawa ndikafunsa mitengo ya zitsulo."

Mukatero, pitani ku msika wa zitsulo wa Magaba ku Mbare kapena kusitolo komwe mumagula, mukafunse mitengo ya tsiku lomwelo, osadalira ya mwezi watha. Zitsulo zambiri zimagulitsidwa m'mitanda ya mamita 6, choncho ngati ntchito ikufuna mamita 20, mugula mitanda 4 ndipo yonseyo ilowe mu kotesheni, pepala losonyeza kasitomala mtengo wa ntchito. Lembaninso mahinjesi, loko, ma rod owotcherera, madisiki odulira, penti yoteteza dzimbiri ndi thina. Tinthu ting'onoting'ono timeneti ndi timene ndaona tikudya phindu la amisiri anzanga, chifukwa amatigula ndi ndalama za m'thumba mwawo osalemba paliponse. Onjezerani ndalama ya kombi (minibasi), ya galimoto yonyamula geti kukafika ku Borrowdale kapena Avondale, ndiponso ya petulo wa jenereta, poti magetsi amatha kuzima ntchito ili pakati.

Kenaka dzilipireni nokha. Tiyerekeze kuti zipangizo zakwana $180, mayendedwe ndi petulo $30, malipiro anu a masiku 3 ndi $60, ndipo a mnyamata wokuthandizani ndi $30. Zonse pamodzi ndi $300. Mukaikapo phindu la 15 peresenti, mtengo ukhala $345. Phindulo si malipiro anu ayi, koma ndalama yodzakonzera makina akawonongeka ndi yokulitsira mpamba.

Nkhani ya mtundu wa ndalama imafuna kusamala kwambiri muno. ZiG, ndalama ya dziko la Zimbabwe, idayamba kugwira ntchito mu Epulo 2024, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho Reserve Bank of Zimbabwe idaichepetsa mphamvu ndi maperesenti oposa 40 tsiku limodzi, kotero kuti amene adalonjeza mtengo wa ZiG asanagule zipangizo adalira. Lembani momveka ngati mtengo uli m'madola a ku America kapena mu ZiG, ndipo ngati kasitomala adzalipira kudzera pa foni pa EcoCash, gwirizanani za amene adzasenza msonkho ndi ndalama zodulidwa potumiza.

Pomaliza, lembani kotesheniyo papepala: tsiku, miyeso ya geti, mtengo wa gawo lililonse, zimene simudzachita monga kumanganso zipilala, ndi mawu akuti mtengowu ugwira ntchito masiku 7 okha. Dipoziti ikwanire kugula zipangizo zonse. Kasitomala akanenerera, musadule malipiro anu, koma mufunseni chimene angalole kuchotsa, kaya ndi zokongoletsa za pamwamba kapena loko wodula. Mukagwirizana, jambulani pepalalo, mumutumizire pa WhatsApp, ndipo musadule chitsulo asanayankhe kuti wavomera.